Kupukwa kwa Amwenye okhala kwa eni

Mu Sepitembala 1888, mnyamata wa zaka 18 wa ku Gujarat anakwera sitima yapamadzi ku Bombay kupita ku London kukaphunzira zamalamulo. Asananyamuke, akuluakulu a fuko lake anamuchenjeza kuti akangowoloka nyanja ndiye kuti si mnzawonso, ndipo atakana kuwamvera anamuchotsadi m'gulu lawo. Mayi ake anamulola kupita atamulumbiritsa zinthu zitatu: asakadye nyama, asakamwe mowa, asakayende ndi akazi. Kusunga lumbiro la nyamalo ku London kunatanthauza kudya masamba owiritsa opanda tsabola, opanda chokometsera chilichonse, mimba n'kumangolira. Iye mwini anadzalemba atakula kuti usiku misozi inkangoyenderera m'masaya akakumbuka mayi ake, ndipo panalibe woti n'kumuuza. Kenako anayesa nzeru ina. Anagula suti yodula ndi chipewa chachitali, nayamba kuphunzira magule a azungu, vayolini ndi Chifalansa, poganiza kuti mwina akafanana ndi eni dziko mtima ukhala pansi. Patatha miyezi ngati itatu anazisiya. Mu 1891 atangotsika sitima ku Bombay, mkulu wake anamuuza kuti mayi aja anamwalira iye akadali kunja. Anamubisira dala kuti angasweke mtima ali yekha kwa eni.

Mnyamatayo ndi Mohandas Gandhi. Sindinayambe ndi iye chifukwa cha kutchuka kwake, koma chifukwa zaka zitatu zimenezo zili ndi pafupifupi zonse zimene Amwenye okhala kunja amadandaula nazo mpaka lero: chakudya chosakoma pakamwa, kuyesa kudzisintha kuti ulandiridwe, ndi mantha aja osatha akuti tsiku lina kudzabwera uthenga wa maliro iwe uli kutsidya kwa nyanja.

Chiwerengero cha United Nations cha 2020 chinaonetsa kuti anthu pafupifupi 18 miliyoni obadwira ku India ankakhala m'mayiko ena, kuposa ochokera m'dziko lina lililonse. Ambiri anali ku United Arab Emirates, pafupifupi 3.5 miliyoni, kenako ku United States ndi ku Saudi Arabia. Mu 2022 ndalama zimene anatumiza kwawo zinapitirira madola 100 biliyoni malinga ndi World Bank, ndipo kanali koyamba kuti dziko lililonse lifike pamenepo. Onjezanipo mayina ngati Sundar Pichai wa Google ndi Satya Nadella wa Microsoft, chithunzi chimene dziko limaona n'cha anthu amene zawo zinayera. Chithunzichi si chabodza ayi. Vuto lake n'lakuti chimamutseka pakamwa munthu amene zake zikuoneka zoyenda koma akulephera kugona. Nanga ukutumiza madola mwezi ndi mwezi, abale akudya bwino, ungadandaule chiyani?

Mawu akuti Mmwenye nawonso amasocheretsa. Malamulo aakulu a India amatchula zinenero 22, ndipo pali zina zambirimbiri zimene sizinalembedwemo. Mtamil wa ku Chennai ndi Mpunjabi wa ku Amritsar akakumana ku Toronto nthawi zambiri amalankhulana Chingerezi, chifukwa m'chinenero cha makolo sangamvane. Wina anakulira mpunga ndi msuzi wowawasa wa bwemba, mnzakeyo chapati ndi chambiko. Wina ndi Mhindu, wina Msikh, Msilamu, Mkhristu kapena Mjain. Choncho munthu akati wapukwa, sakunena mbendera kapena likulu la Delhi. Akunena kamsewu kena kake, fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa, mfuu ya wogulitsa masamba m'mamawa. Ambiri amati anayamba kudziona ngati Amwenye atafika kunja, kumene anthu sankawasiyanitsa. Kumeneko amadzitcha desi, kuchokera ku desh, kutanthauza dziko lakwawo, pomwe kunja ndi pardes, kwa eni.

Ulendowu unayamba kale. Ukapolo utathetsedwa m'madera olamulidwa ndi Britain mu 1834, eni minda ya nzimbe anasowa antchito. Kuyambira chaka chomwecho mpaka 1917, Amwenye oposa 1 miliyoni anatengedwa pa kontirakiti, kawirikawiri ya zaka zisanu, kupita ku Mauritius, Guyana, Trinidad, Natal, Suriname, Fiji ndi kwina. Ambiri anali osauka a ku Bihar, Uttar Pradesh ndi kummwera kwa dzikolo, osadziwa kuwerenga, moti liwu la Chingerezi lakuti agreement analipinda n'kukhala girmit, iwo n'kumatchedwa girmitiya. Kwa Ahindu ambiri nthawi imeneyo, kuwoloka kala pani, madzi akuda a m'nyanja, kunkamudetsa munthu ndi kumuchotsa m'fuko lake, ndiye ngakhale wobwerera sankadziwa ngati kwawo akamulandira. Ochuluka sanabwerere. Ife tikanati anatchona. M'sitima zija, anthu amene kwawo sakanadyera mbale imodzi anapalana ubale watsopano, n'kumatchana jahaji bhai, abale a m'sitima. Nzeru yothana ndi kupukwa imene Amwenye akugwiritsabe ntchito inabadwira pamenepo: achibale akakhala kutali, umapanga ena.

Masiku ano pali magulu awiri aakulu, ndipo kupukwa kwawo sikufanana. Gulu loyamba ndi la ogwira ntchito m'mayiko a Aluya a mafuta. Mitengo ya mafuta itakwera mu 1973, mayiko ngati Kuwait, Qatar, Saudi Arabia ndi United Arab Emirates anayamba kumanga mizinda, ndipo amuna ochuluka, makamaka a ku Kerala, anakhamukira kumeneko kukakhala omanga nyumba, madalaivala, ophika ndi alonda, akazi n'kukhala manesi ndi antchito a m'nyumba. Dongosolo lotchedwa kafala limamangirira chilolezo cha munthu kwa bwana wake. Mayiko ena alifewetsa, koma mizu yake ikadalipo. Wolandira malipiro ochepa saloledwa kubweretsa mkazi ndi ana, ndipo unzika ngosatheka kwa pafupifupi aliyense, ngakhale atakhalako zaka 30. Amagona angapo m'chipinda chimodzi pa mabedi osanjikiza, kumudzi n'kumapitako kamodzi pa chaka kapena pa zaka ziwiri. Ana amakula akuwadziwa bambo awo pa foni. Mu Juni 2024 moto unabuka m'nyumba yogona antchito ku Mangaf m'dziko la Kuwait n'kupha anthu pafupifupi 50, ndipo oposa 40 anali Amwenye, ambiri a ku Kerala. Kwa munthu wotere nkhani yozolowera chikhalidwe cha eni dziko ilibe tanthauzo kwenikweni. Palibe amene akumuitana kuti alowe. Akungowerenga miyezi.

Gulu lachiwiri ndi la ophunzira ndi akatswiri: madokotala, mainjiniya, a zamakompyuta, amene anayamba kuchuluka ku United States dzikolo litasintha malamulo olowera mu 1965, komanso ku Britain, Canada ndi Australia. Awa ndi omwe amasiriridwa. Komabe taonani mmene mapepala amawamangira. Viza ya akatswiri ya ku United States yotchedwa H-1B imaperekedwa kwa anthu atsopano 85,000 pa chaka m'makampani wamba, ndipo mwa anthu 10 alionse oilandira, 7 kapena kuposerapo amakhala Amwenye. Ntchito ikatha, munthu amakhala ndi masiku 60 okha oti apeze ina, apo ayi alongedze. Kuti apeze chilolezo chokhazikika amalowa pamzere, ndipo lamulo limati dziko limodzi lisatenge zoposa 7 peresenti ya zilolezozo pa chaka, kaya ndi dziko laling'ono kaya ndi India ya anthu 1.4 biliyoni. Mzere wa Amwenye ndiye umatalika zaka zambirimbiri. Mwana amene anabwera ali wakhanda akafika zaka 21 makolo akadali pamzere, amachoka pa mapepala a makolowo n'kuyamba kudzifunira yekha njira yokhalira m'dziko limene anakuliramo. Munthu wokhala chonchi amazengereza kugula nyumba, kubzala mtengo, ngakhale kupalana ubwenzi wozama. Mwendo umodzi uli pakhomo nthawi zonse. Ine ndimaona kuti ichi n'chimene olemba za kuzolowera chikhalidwe amachiphonya kwambiri: umazika bwanji mizu pamalo pomwe kalata imodzi ingakuzule?

Amene zimawawawa mwakachetechete ndi akazi otsatira amuna awo pa viza ya H-4. Mpaka 2015 sankaloledwa n'komwe kugwira ntchito, ndipo ngakhale tsopano amaloledwa ndi ena okha. Ganizirani mtsikana amene ku Hyderabad anali ndi digiri ndi malipiro ake, wakwatiwa miyezi iwiri yapitayo ndi mwamuna amene makolo anathandiza kusankha, lero ali m'nyumba yalendi m'tauni yopanda minibasi, sadziwa kuyendetsa galimoto, mwamuna wachoka m'mawa adzabwera usiku. Akafuna kuimbira mayi ake masana, ku India ndi pakati pa usiku.

Akatswiri anayesa kupereka mayina pa zimenezi. Mu 1688 wophunzira zaudokotala wina ku Basel, Johannes Hofer, anapeka liwu lakuti nostalgia pofotokoza anthu a ku Switzerland amene ankadwala chifukwa cholakalaka kwawo, ndipo iye ankakutenga ngati matenda enieni a m'thupi. Cha m'ma 1950, Kalervo Oberg anatchukitsa mawu akuti culture shock, n'kufotokoza kuti mlendo amayamba ndi kusangalala ndi chilichonse chatsopano, kenako amakhumudwa n'kuyamba kunyoza eni dziko, kenako amaphunzira, mapeto ake amakhazikika. Mfundo yake yaikulu njoona: chimene chimatopetsa ndi kutaya tizizindikiro tambirimbiri timene kwanu sumatiganizira n'komwe, monga nthawi yopatsa moni, ya kuseka, ya kukana. Koma masitepe akewo ndi osalala kwambiri kuyerekeza ndi moyo. Anthu ambiri sadutsa n'komwe pa chisangalalo choyambacho, ndipo amene anakhazikika kalekale amapezeka akulira m'galimoto patatha zaka 15 chifukwa choti wamva nyimbo ya paukwati wa mchemwali wake. Kupukwa kumabwera ndi nyengo. Kumadziwa kuti mawa ndi Diwali, chikondwerero cha nyali, kuti Onam, chikondwerero cha zokolola cha ku Kerala, yayandikira, kuti Meyi wafika ndipo mango apsa.

Mukawafunsa ambiri chimene chinawadabwitsa koyamba kumayiko a azungu, satchula nyumba zitalizitali. Amatchula bata. Munthu wokulira ku Mumbai kapena Kolkata sanakhalepo yekha. Pakhomo pali agogo, azakhali, asuweni. Aneba amalowa osagogoda. Mahutala a magalimoto, belu la pakachisi, kuitana kwa pamzikiti, zonse pamodzi. Ndiye afike m'dera la mayadi kunja kwa mzinda wa Dallas kapena Melbourne, kunja kuli zii, zitseko zotseka, mneba wongokweza dzanja n'kulowa m'galaja. Kukacheza kwa mnzako mpaka mupangane tsiku, mwina la sabata yamawa. Masiku oyamba bata limeneli limakoma, makamaka kwa mtsikana amene kwawo aliyense ankamufunsa kumene akupita ndi tsiku limene adzakwatiwe. Ambiri amanena mosabisa kuti ufulu umenewu sangausinthanitse ndi kanthu. Koma ufulu womwewo ndi umene umachititsa kuti ukadwala malungo pasapezeke wokuphikira phala. Palinso kanthu kena kamene ena amachita nako manyazi: m'mabanja ambiri opezako bwino ku India mumakhala wantchito wosesa, wochapa ndi wotsuka mbale. Injiniya wa zaka 24 amafika ku Germany asanatsukepo chimbudzi. Izi zimaseketsa, ndipo mwina n'zomuyenera, koma kutopa kwake ndi kwenikweni.

Pantchito ndi kusukulu kuli misampha yake. Wophunzira amene anazolowera kuimirira mphunzitsi akalowa amauzidwa kuti pulofesa wa imvi amutchule dzina lake loyamba, lilime n'kumakana. Kwawo kutsutsa wamkulu pagulu ndi mwano, kuno kukhala chete amakuyesa wopanda maganizo. Kapukusidwe ka mutu ka Amwenye, kopendekera uku ndi uku, kamatanthauza kuti ndamva kapena chabwino, koma mzungu amaona ngati akukanidwa. Kukana chakudya koyamba ndi ulemu, poyembekeza kuti akukakamiza kachiwiri ndi kachitatu, koma mwini nyumba wa ku Netherlands akamva ayi amachotsa mbale, mlendo n'kugona ndi njala. Dzina la zilembo 14 limadulidwa kuti anzake a mu ofesi asavutike, ndipo Chingerezi chimene munthu wachilankhula kuyambira ali mwana chimayamba kufunsidwa kuti abwerezenso. Palibe chachikulu pa zimenezi. Kungoti zimachitika tsiku lililonse.

Nkhani ya chakudya ndiyofunika kuimapo. Ife tikudziwa kuti munthu akhoza kudya mpunga, buledi ndi nyama n'kunenabe kuti sanadye chifukwa nsima sinaoneke. Kwa Amwenye ambiri, chomwe chili pamalo amenewo ndi dal, nyemba zosenda zophikidwa mpaka kusungunuka, zothira chikasu, n'kutsirapo mafuta otentha okazingira adyo, tsabola ndi njere zonunkhira, kudyera mpunga kapena chapati. Mtundu wofala kwambiri, toor dal, ndi nandolo yemweyu, ndipo nandolo wambiri wolimidwa m'maboma a kummwera kwa Malawi amakathera m'miphika ya ku India. N'chifukwa chake m'sutukesi ya wophunzira wopita kunja simulephera kupezeka poto uja wotseka ndi mphira woliza likhweru, kabokosi kachitsulo ka zokometsera, ndi botolo la achali wopangidwa ndi agogo, lokulungidwa m'mapulasitiki atatu. Koma chakudya kwa iwo si kukoma kokha. Chimanena za chipembedzo ndi fuko. Ahindu ambiri sadya ng'ombe, Msilamu sadya nkhumba, ena sadya nyama ya mtundu uliwonse ngakhale dzira, ndipo Mjain wosunga mwambo sadya anyezi, adyo ngakhale mbatata chifukwa zimakumbidwa pansi. Munthu wotere akafika m'dziko limene msuzi wa masamba amauphika ndi mafupa a ng'ombe, kugula chakudya kumasanduka ntchito yowerenga timalemba ting'onoting'ono pa paketi iliyonse. Ena amagonja n'kuyamba kudya zimene kwawo sankadya, koma amabisira makolo. Tsiku limene mnyamata wadya nyama ya ng'ombe koyamba n'kuimba foni kunyumba ngati palibe chachitika, pamakhala patatseguka kampata pakati pa iye ndi mayi ake kamene mayiwo sakukadziwa. Palinso za fungo: eni nyumba ena amakana kuchititsa lendi kwa Amwenye ati chifukwa zokometsera zimakanirira m'makatani, ndipo ana ena amakana kutenga chakudya cha mayi awo kusukulu poopa kusekedwa.

Za kuzizira sindichulutsa. Mu Disembala ku London dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Munthu wa ku Kerala, amene sanavalepo juzi, amachoka kunyumba kuli mdima n'kubwerera kuli mdima, miyezi itatu yathunthu.

Tsankho nalo lilipo, ndipo lili ndi mbiri. Mu 1967 dalaivala wa basi wa Chisikh ku Wolverhampton anaimitsidwa ntchito chifukwa cha nduwira yake, ndipo zinatenga zaka ziwiri za zionetsero kuti lamulolo lichotsedwe. Mu 1976 Britain inalola Asikh ovala nduwira kuyendetsa njinga yamoto popanda chisoti. Mu 1987 ku Jersey City kunali gulu lodzitcha Dotbusters limene linkaopseza ndi kumenya Amwenye, dzinalo likunyoza kadontho kamene akazi a Chihindu amapaka pamphumi. Mu 2009 ophunzira a ku India anachita zionetsero ku Melbourne atatopa ndi kumenyedwa, ndipo mu 2017 injiniya wina anawomberedwa m'bala ku Kansas ndi munthu amene anamukalipira kuti achoke m'dziko lake. Zoterezi sizichitika tsiku ndi tsiku, koma aliyense amazidziwa, ndipo zimamuphunzitsa kutsitsa mawu akamalankhula Chihindi m'sitima.

Chachikulu pa zonse ndi makolo. Ku India, monganso kwathu kuno, mwana ndiye penshoni ya kholo, ndipo m'mabanja ambiri mwana wamwamuna amayembekezeka kukhala ndi makolo ake mpaka imfa. Makolo omwewo ndi amene amagulitsa munda kapena kutenga ngongole kubanki kuti mwanayo akaphunzire kunja. Akapambana, kupambana kwakeko n'kumene kumawasiya okha. M'mizinda ngati Pune, Kochi ndi Hyderabad muli nyumba zokongola zomangidwa ndi madola mokhala nkhalamba ziwiri zokha zodikira foni ya Lamlungu. Makolo ena amapita kukacheza miyezi ingapo, makamaka kukabadwa mdzukulu, koma kumeneko amasanduka akaidi a m'nyumba, osayendetsa galimoto, osadziwa aliyense, n'kumawerenga masiku oti abwerere. WhatsApp yathandiza, palibe angatsutse. Mayi amatha kulangiza mwana kaphikidwe akuona mphika pa foni. Koma foni yomweyo imakuonetsa bambo ako akuonda mwezi ndi mwezi, iwe wopanda chochita, ndipo makolo ambiri amachita zomwe anachita abale a Gandhi: amabisa matenda kuti mwana angade nkhawa. Tsono pa mwambo wa Chihindu mtembo umawotchedwa msanga, nthawi zambiri tsiku lomwelo kapena lotsatira, ndipo woyatsa moto amayenera kukhala mwana wamwamuna wamkulu. Asilamu nawo sachedwa kuika maliro. Kuchokera ku California, ndege yosaima paliponse imatenga maola oposa 15, osawerengera kufuna tikiti. Ena amaopanso kuti akatuluka, mapepala awo akhoza kuwachedwetsa kubwerera ku ntchito. Mu Epulo ndi Meyi 2021, Covid-19 itavuta kwambiri ku India, anthu ochuluka anaonera maliro a makolo awo pa foni yogwiridwa ndi msuweni. Mwezi wa Meyi womwewo boma la Australia linalengeza kuti aliyense wochokera ku India, ngakhale nzika yake, akhoza kumangidwa zaka zisanu akalowa m'dzikolo. Wopita kukaika maliro sankadziwa kuti abwerera liti kwa ana ake.

Zonsezi munthu amazisenza mwakachetechete. Amwenye ali ndi mawu amene amalamulira mabanja ambiri, akuti log kya kahenge, kutanthauza kuti anthu adzati chiyani. Wophunzira amene banja lake linakongola ndalama zambiri kuti apite ku Canada sanganene kuti akugona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chapansi ku Brampton, kuti usiku akugwira ntchito m'nyumba yosungira katundu, kuti mutu sukuyenda bwino. Amajambulitsa pa chipale chofewa akumwetulira n'kutumiza. Kupita kwa dokotala wa maganizo ambiri amakuonabe ngati chamanyazi, ndipo ena kuvutika mumtima amakufotokoza ngati mutu, msana kapena kusagona. Kubwerera chimanjamanja ndiye chinthu choopsa kuposa zonse. Amene ali ndi m'bale ku Joni akudziwa kuti zithunzi za pa Facebook sizinena zonse.

Njira yopulumukira ndi ija ya m'sitima. Kulikonse kumene Amwenye achuluka kumamera kachisi, mzikiti, tchalitchi cha Chimalayalam, chinenero cha ku Kerala, kapena gurdwara, nyumba yopemphereramo Asikh, komwe aliyense, kaya ndi wa chipembedzo chanji, amadya ulele pa chakudya chotchedwa langar. Ophunzira ambiri osauka apulumukira pamenepo. Kachisi wamkulu wa Chihindu wa ku Neasden ku London anatsegulidwa mu 1995, wa ku Abu Dhabi mu Febuluwale 2024. Golosale ya Patel Brothers inayamba mu 1974 pa Devon Avenue ku Chicago, lero ili m'mizinda yambiri ya dzikolo. Pali mabungwe a Atelugu, a Abengali, a Agujarati, magulu a kiriketi osewera Loweruka pa bwalo lobwereka. Ku Southall mu London kapena ku Edison m'boma la New Jersey munthu akhoza kutha sabata osalankhula Chingerezi. Komatu mthunzi umenewu uli ndi minga yake. Miseche ya kumudzi imawoloka nawo nyanja, ndipo tsankho la mafuko obadwa nawo, lotchedwa caste, limawolokanso. Munthu wa Chidalit, fuko loikidwa pansi pa onse pa tsankholi, amene ankaganiza kuti wazithawa amafunsidwa mochenjera dzina la bambo ake ndi mudzi wake. Nkhaniyi inakula mpaka mu Febuluwale 2023 mzinda wa Seattle unakhazikitsa lamulo loletsa tsankho la mtunduwu. Si aliyense amene kwawo kunali kokoma, ndipo kupukwa kwa munthu wotere n'kosokoneza: amalakalaka malo amene anamuzunza.

Ana obadwira kunja amabweretsa funso lina. Makolo amasunga India ya chaka chimene anachoka, n'kumalera ana ndi malamulo amene ku Mumbai komweko anatha kale. Mwana amayankha m'Chingerezi akafunsidwa m'Chigujarati, agogo pa foni n'kumangomwetulira osamva kanthu. Kusukulu ndi Mmwenye, akapita ku India kutchuthi asuweni amamutcha mzungu.

Nanga osangobwerera bwanji? Ambiri amanyamuka akunena kuti zaka ziwiri zokha, ndipo pakati pawo pali nthabwala yakuti chaka chobwerera nthawi zonse ndi chamawa. Obwereradi amapeza kuti Bangalore ya mitengo ndi mphepo yozizirira inasanduka Bengaluru ya mizere ya magalimoto, anzawo anabalalika, ndipo iwo eni sakuthanso kupirira fumbi, kukankhana pamzere ndi achibale olowerera nkhani za m'banja. Pamapepala napo pali chisankho chowawa. India salola unzika wa mayiko awiri, ndiye wotenga pasipoti ya Britain kapena Canada amayenera kubweza ya India. Kuyambira 2005 pali khadi la OCI limene limamulola kulowa, kukhala ndi kugwira ntchito ku India moyo wake wonse, koma sangavote ndipo sangagule munda wolima. Boma la India limalemekeza Amwenye okhala kunja pa 9 Januwale, tsiku la Pravasi Bharatiya Divas limene linayamba mu 2003 pokumbukira kubwerera kwa Gandhi kuchokera ku South Africa mu 1915. Komabe anthu ambiri amasimba kuti tsiku limene pasipoti yawo yakale inabwezedwa itadindidwa kuti yathetsedwa, anaiyang'ana nthawi yaitali.

Ndipo pali gulu lina limene nkhani yake imatikhudza ife mwachindunji. Amwenye anayamba kufika kuno ku Malawi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda kuno, anabweretsa asilikali a Chisikh mu 1891, ndipo amalonda, ambiri a ku Gujarat, anatsatira n'kutsegula masitolo ku Limbe, ku Zomba mpaka m'matauni ang'onoang'ono a kumidzi. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda linawalamula kuchoka kumidzi kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo mabanja ambiri anasamukira ku Britain. Ku Uganda zinali zoopsa kuposa apa: mu Ogasiti 1972 Idi Amin anawapatsa masiku 90 kuti atuluke, ndipo pafupifupi 28,000 anapita ku Britain. Khonsolo ya mzinda wa Leicester inafika poika chilengezo m'nyuzipepala ya Uganda Argus chowauza kuti asabwere kumeneko. Anapitabe, ndipo msewu wa Belgrave Road umene unkafa anaudzutsa ndi masitolo a golide, nsalu ndi zakudya. A ku Malawi ambiri anakhazikikanso mu mzinda womwewo. Ochuluka mwa anthu amenewa ku India anali asanakhaleko n'komwe. Agogo awo ankapukwa Gujarat ali ku Limbe kapena ku Kampala, koma iwo atafika m'chisanu cha ku England chimene ankachilakalaka chinali dzuwa la ku Africa, khonde la sitolo ndi chinenero chimene ankalankhula ndi makasitomala. M'Chigujarati chawo munatsalira mawu a Chiswahili, monga jugu ponena mtedza ndi fagio ponena tsache. M'malesitilanti a Amwenye ku Leicester ndi ku Wembley mpaka lero amagulitsa chakudya chimene ku Gujarat si chawo, chotchedwa mogo, kuchokera ku liwu la Chiswahili lakuti muhogo. Ndi chinangwa chokazinga, chowaza tsabola, mchere ndi mandimu.